Mlandu wa mng'ono wanga akuti uli ku khoti la federal ku Indiana. Ndingaone bwanji mapepala ake ndili ku Lilongwe?

Bambo a Mphatso, Area 25

Moni nonse abale. Ndabwera ndi nkhani yolemera, makamaka kwa inu amene mukukhala ku America. Mng'ono wanga wonditsatira ine amakhala ku Indiana. Mwezi wathawu foni yake inangoti zii, kenako tinamva kwa mnzake kuti anamangidwa ndipo mlandu uli ku khoti la federal. Kuchokera pamenepo aliyense akutiuza zake. Wina akuti ndi nkhani ya macheke a ku banki, wina akuti ndi ya mapepala okhalira m'dzikomo, winanso akuti anagamulidwa kale. Tsopano mnzake uja wayimba kuti tipeze madola 4,000 msanga, akuti ndi a loya ndi belo, apo bii mwana wathu awolera m'ndende. Mayi athu ku Dedza sakudya, ndipo ayamba kale kukamba zogulitsa dimba lawo la kachewere.

Sindikufuna kumusemera munthu chinyau, mwina akunena zoona. Koma ndalama zimenezi si zotola pansi, ndipo dimba likapita lapita. Ndinamva kuti kumeneko mapepala a kukhoti amaikidwa pa intaneti. Kodi munthu amene si loya, komanso sali m'dzikomo, amaloledwa kuwaona? Amalipira zingati? Nanga ndiyambire pati, poti nambala ya mlandu ndilibe, ndili ndi dzina lake basi?

Nabanda, South Bend

Pepani kwambiri achimwene, muwapepesenso amayi. Koma dimbalo lisagulitsidwe sabata ino. Zambiri zimene mukufuna kudziwazi zinalembedwa poyera, ndipo mwina simulipira ngakhale senti kuti muzione.

Ine si loya, ndimasamalira okalamba, ndimagwira usiku. Zimenezi ndinaphunzira pomwe ife ogwira ntchito tinasumira kampani ina imene inkatidyera ndalama za ovataimu. Mlanduwo unali ku khoti la federal konkuno, loya anali mmodzi wa ife tonse, ndiye m'malo momuvutitsa pa foni ndinkalowa ndekha n'kuwerenga ndikaweruka m'mawa.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi federal ndithu. Makhoti kuno ali pawiri. Kuli a state, amene amaweruza milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku monga kuyendetsa galimoto utamwa, ndewu za m'nyumba ndi kuba m'sitolo. Ndiye kuli a federal, a boma lalikulu, amene amatenga milandu yophwanya malamulo a dziko lonse, monga kubera banki mwachinyengo kapena kuolotsa mankhwala osokoneza bongo malire. Amalawi anzathu akamva kuti munthu watengedwa amangoti federal, chifukwa nkhani ikamadutsa m'makutu ambiri imanka ikukula. Milandu ya state ya Indiana imaoneka mwaulere pa mycase.in.gov, mumangolemba dzina. Yesani pamenepo kaye. Akasowa, pitani ku PACER.

PACER ndiyo nkhokwe ya makhoti a federal, pa pacer.uscourts.gov. Inayamba mu 1988. Muli milandu ya makhoti onse 94 a district, komwe milandu imayambira, makhoti 13 a apilo, ndi makhoti oona za anthu ndi makampani amene alephera kubweza ngongole. Aliyense amatsegula akaunti, kaya ndi loya kaya ayi. Mukaika khadi la Visa kapena Mastercard polembetsa, mumayamba kufufuza nthawi yomweyo. Mukapanda kuika, amakutumizirani nambala yotsegulira pa positi, ndipo kalata yochoka kuno kukafika ku Area 25 si yodikira pa nkhani yachangu chonchi. Ndikudziwa mmene makhadi a kwathu akuvutira pa madola. Likakana, pezani m'bale wodalirika kuno akuonereni, koma asakhale yemweyo amene akupempha ndalama.

Mtengo wake ndi masenti 10 pa tsamba lililonse, ndipo chikalata chimodzi sichipitirira madola 3 ngakhale chitakhala chachitali bwanji. Amawerengera pa miyezi itatu iliyonse, ndipo mukapanda kupitirira madola 30 m'miyezi itatuyo amakukhululukirani zonse. Chigamulo chimene jaji walemba kufotokoza zifukwa zake n'chaulere. Musamale pa zinthu ziwiri. Malire a madola 3 aja sagwira ntchito pa zotsatira za kufufuza dzina, ndiye mukalemba Phiri kapena Banda basi popanda dzina loyamba, masamba onse amene atuluke ndi anu. Komanso ngakhale pasatuluke kanthu, masenti 10 amadula.

Mukalowa, pitani pa PACER Case Locator, imene imasaka m'makhoti onse a federal nthawi imodzi. Lembani dzina la bambo ndi dzina loyamba monga zilili pa pasipoti. Likasowa, atembenuzeni mayinawo, chifukwa mayina athu amawasemphanitsa kawirikawiri, la bambo n'kukhala loyamba. Indiana ili ndi ma district awiri. Northern ndiye kuno ku South Bend, Fort Wayne, Hammond ndi Lafayette. Southern ndi Indianapolis, Evansville, Terre Haute ndi New Albany. Case Locator imalandira zatsopano kamodzi pa tsiku, ndiye mukadziwa khoti lake muzilowa pa webusaiti ya khotilo mwachindunji, mwachitsanzo ecf.innd.uscourts.gov ya Northern, pomwe chikalata chimaoneka chikangolowetsedwa.

Nambala ya mlandu imayamba chonchi, 3:25-cr, kenako manambala ena ndi zilembo. Kuno ku Northern, 3 ndi South Bend, 25 ndi chaka chimene mlandu unatsegulidwa, cr ndi mlandu wa upandu. Ikakhala cv ndi wosumirana, ngati wathu uja. Mukaona mj ndiye kuti udakali koyambirira kwa majisitireti. Zilembo za kumapeto ndi za dzina la jaji.

Chimene mukufuna kwenikweni ndi Docket Report. Doketi ili ngati kabuku ka kuchipatala kaja, chilichonse chimene chachitika amalemba ndi deti lake, mzere ndi mzere. Musathamangire m'munsi. Pamwamba kumanzere pali dzina la woimbidwa mlandu, kumanja pali dzina la loya wake, adiresi ya ofesi, foni ndi imelo. M'munsi mwa dzina la loyayo muli kamzere kakang'ono kolembedwa kuti Designation. Kamzere kameneka ndi kamene kayankhe funso la dimba. Pakalembedwa kuti Retained, loyayo ndi wolembedwa ganyu ndipo akuyembekezeradi malipiro. Pakalembedwa kuti CJA Appointment, kapena Public Defender or Community Defender Appointment, ndiye kuti khoti linamupatsa loya chifukwa alibe ndalama, potsatira lamulo la Criminal Justice Act la 1964. Loya wotereyo amalipidwa ndi boma, saitanitsa ndalama kwa abale.

Za belo nazo ndikuuzeni. Ku federal sizichitika kawirikawiri ngati za pa kanema zija zoti perekani zakutizakuti atuluke lero. Pamakhala tsiku loti jaji amve mbali zonse ngati munthuyo angathawe kapena ali woopsa kwa anthu. Akamutulutsa, nthawi zambiri amasaina lonjezo la ndalama zoti adzalipire akadzathawa, n'kumuikira malamulo monga kupereka pasipoti. Akamukaniza, pa doketi mupeza mzere wakuti Order of Detention, ndipo pamenepo palibe ndalama imene ingamutulutse. Zonsezi mukaziona nokha.

Achisale, Dallas

Achemwali a Nabanda afotokoza bwino. Ine ndingowonjezera kuti musanatulutse khadi, yesani courtlistener.com. Ndi ya bungwe losachita malonda la Free Law Project. Ali ndi kapulogalamu kotchedwa RECAP, kamene kanayambira ku yunivesite ya Princeton mu 2009. Munthu akakaika pa Chrome kapena Firefox, chikalata chilichonse chimene wagula pa PACER chimakopedwa n'kukaikidwa poti aliyense achione mwaulere. Milandu yotchuka mumaipeza yathunthu. Yaing'ono mwina mupeza mitu ya mizere yokha, mwina osaupeza n'komwe. Mlandu ukakhalapo mungathe kupempha kuti azikutumizirani imelo pakalowa chatsopano.

Ine zoti anthu azilipira kuti aone mapepala a khoti la boma lawo zimandiwawa. Mabungwe ena anasumira boma mu 2016 kuti ndalama za PACER zinkagwiritsidwanso ntchito pa zinthu zimene lamulo silinalole, ndipo mu 2024 jaji anavomereza kuti boma libweze madola 125 miliyoni kwa amene ankalipira. Koma masenti 10 aja akadalipo mpaka lero. Kwa kampani ya maloya si kanthu, kwa munthu wa ku Area 25 wofunika kupeza khadi la madola ndi mpanda weniweni. Ndiye mukalembetsa PACER, ikaninso RECAP kuti ena apindule.

Mayi a Yankho, Maryland

Bambo a Mphatso, ndaona mwatchula kuti ena akuti ndi nkhani ya mapepala okhalira m'dziko. Ikakhala imeneyo, PACER sikuthandizani, ndipo musataye mtima mukapanda kumupeza. Makhoti a immigration sali m'gulu la makhoti aja 94. Ali pansi pa Department of Justice, mu ofesi yotchedwa EOIR, ndipo mafayilo awo saikidwa poyera. Chimene mungaone ndi tsiku la mlandu ndi chigamulo basi, pa acis.eoir.justice.gov kapena poyimba 1-800-898-7180, ndipo pamafunika A-number yake, nambala ija imene a immigration amapatsa mlendo aliyense amene ali ndi fayilo kwa iwo. Ngati ali m'manja mwa ICE, apolisi a immigration amene amagwira ndi kusunga alendo, yesani locator.ice.gov. Pamenepo mungasake ndi dzina komanso dziko lobadwira, musankhe Malawi, koma dzinalo lilembedwe ndendende.

Ngakhale nkhani ya immigration ikafika ku khoti la federal, mwachitsanzo munthu akamadandaula kuti akusungidwa mosatsata lamulo, pali lamulo la makhotiwo, Rule 5.2(c), limene limatsekera anthu apadera. Pa intaneti mumangoona doketi ndi zimene jaji walamula. Mapepala enawo muyenera kukaonera pa kompyuta ya ku ofesi ya kalaliki wa khotilo.

Musadabwenso akasowa pa bop.gov, pomwe timasakira akaidi a federal. Munthu amene mlandu wake sunathe amakhala m'manja mwa US Marshals, apolisi a makhoti a federal, ndipo iwo nthawi zambiri amamusungitsa m'ndende ya county yapafupi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Ngati ndi mlandu wa upandu ndipo mng'ono wanuyo si nzika, asavomere mlandu asanafunse loya wake kuti zimenezo zichita chiyani pa mapepala ake. Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri kuno, inagamula mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, kuti loya ayenera kuchenjeza munthu wake ngati kuvomera kungamuthamangitsitse m'dziko. Ndaonapo anthu akusangalala kuti apatsidwa miyezi yochepa, tsiku lotuluka n'kupeza a ICE akuwadikira pa khomo.

Bambo a Mphatso, Area 25

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Msuweni wathu wa ku Ohio watsegula akaunti ndi khadi lake, tinali limodzi pa foni mpaka usiku. Pa mycase sanapezeke. Pa PACER tamupeza, ali ku Northern, nambala ikuyamba ndi 3 monga munanenera. Pa Designation palembedwa CJA Appointment. Order of Detention iliponso. Sanagamulidwe, anakana mlandu, ndipo deti lozenga mlandu laikidwa. Zonse sizinakwane dola imodzi.

Ndawayimbira mayi m'mawa uno kuwauza kuti loya alipo kale ndipo dimba likhale. Analira, koma adya.

Ndatsala ndi mafunso. Pa Pending Counts palembedwa 18:1344 Bank Fraud, ndipo nditafufuza ndaona zaka 30. Miyendo yanga yazizira. Kodi n'zoona? Chachiwiri, manambala a mizere akudumpha, pakuchoka pa 4 kufika pa 7, ndipo pena palembedwa SEALED osatseguka. Akutibisira chiyani? Nanga mnzake uja ndimuyankhe kuti chiyani?

Nabanda, South Bend

Ndasangalala kuti amayi adya. Tsopano khazikani mtima pansi, achimwene, tione chimodzichimodzi.

Zaka 30 n'zoona kuti zili m'lamulolo, pamodzi ndi chindapusa chofika madola 1 miliyoni, koma amenewo ndi malire a pamwamba penipeni amene jaji sangadutse. Si chilango cha aliyense. Munthu akapezeka wolakwa, jaji amayang'ana ndondomeko yotchedwa Sentencing Guidelines, ndipo pa milandu yachinyengo chimene chimalemera kwambiri ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zinatayika, mbali imene munthuyo anatengapo, ngati ali ndi milandu yakale, ndiponso ngati wavomera kulakwa. Sindikuuzani nambala chifukwa woyenera kuwerengera ndi loya wake amene waona umboni. Koma nambala ya 30 imeneyi musawauze amayi. Komanso kumbukirani kuti chikalata cha Indictment, chofotokoza milandu imene akumuimba, chimene muwerengecho ndi mbali ya boma yokha. Chimalembedwa mwaukali, munthu ukachiwerenga umaona ngati zonse zatha, pomwe mbali yake sinamveke.

Manambala odumpha asakuopseni, zimachitika pafupifupi pa mlandu uliwonse wa upandu. Pali mapepala amene satulutsidwa poyera, monga fomu imene analembapo za chuma chake popempha loya waulere, lipoti la ofesi imene imafufuza mbiri ya munthu jaji asanagamule za belo, ndi lipoti limene amalemba chilango chisanaperekedwe. Muli za umoyo wake, za banja, za ndalama. Akuteteza iyeyo. Ngakhale m'mapepala otseguka muona kuti tsiku lobadwa amangolemba chaka, nambala ya akaunti ya ku banki manambala anayi omaliza, ndipo adiresi ya kunyumba mzinda ndi state basi. Loya wake amaona zimene inu simukuona.

Chimene ndingagule ine ndi Order of Detention ija, ngati ikutseguka. Imakhala ya masamba ochepa ndipo jaji amaonetsa zifukwa zimene wakanira. Kawirikawiri kwa ife alendo chimakhala choti alibe mizu yokwanira kuno ndipo angathawe. Zikakhala choncho, loya angathe kupemphanso pakapezeka zatsopano, monga m'bale wa mapepala abwino wovomera kumusunga ndi kumuyang'anira. Msuweni wanu wa ku Ohio aganizirepo. Zonse zimene zinayankhulidwa m'khoti tsikulo zimalembedwa ndi wolemba wa khoti munthu akaitanitsa, koma zikalowetsedwa zimakhala masiku 90 zisanatseguke pa PACER, ndipo malire a madola 3 sazikhudza. Pakadali pano zisiyeni.

Deti lozenga mlandulo musaligwire ndi manja awiri. Lamulo la Speedy Trial Act limati mlandu uyambe pasanathe masiku 70, koma maloya amapempha nthawi yowerenga umboni ndipo masiku amenewo sawerengedwa. Mudzaona mzere wakuti Motion to Continue, mwina kangapo. Si chizindikiro choipa. Muzilowa kamodzi pa sabata, ndipo pa Docket Report pali malo oika madeti, muziika kuyambira tsiku limene munalowa komaliza kuti musamalipire doketi yonse nthawi iliyonse.

Apa ndisiyana pang'ono ndi achimwene a Achisale. Za masenti 10 ndikugwirizana nanu, ndipo CourtListener ndimaigwiritsa ntchito ndikafuna kuwerenga milandu ikuluikulu. Koma pa mlandu uwu msuweni asaike RECAP. Chilichonse chimene agule chikhala poti aliyense achione popanda akaunti, ndipo dzina la mnyamatayu lidzamutsata ngakhale atapezeka wosalakwa. N'zoona kuti mapepalawa ndi apoyera kale, koma si ife a pabanja oti tiwayanike pa msewu. Chimodzimodzinso zithunzi za doketi, zisalowe m'magulu a WhatsApp, ngakhale la mpingo. Amalawi kuno tilipo ochepa, timakumana pa maliro ndi pa zikondwerero za 6 July, ndipo chithunzi chimodzi chimafika ku Seattle dzuwa lisanalowe.

Mnzake uja musakangane naye. Mwina anamva za loya wolipira amene wina anamutchula, mwina ali ndi zolinga zina, zimenezo mtima wake ndiwo ukudziwa. Mungomuuza kuti mwaona doketi, loya wa khoti alipo, belo inakanizidwa, ndipo ngati pali loya wina atchule dzina ndi ofesi yake kuti mulankhule naye nokha. Loya watsopano akalowa pa mlandu, dzina lake limaoneka pa doketi pomwepo. Ndalama imene mng'ono wanu akufunikiradi panopa ndi yochepa, ya pa akaunti yake ya kundende yoyimbira foni ndi kugulira sopo ndi tina ndi tina, ndipo imeneyo msuweni angaike yekha akadziwa ndende yake. Akakuyimbirani kuchokera mkatimo, mufunseni za umoyo, mumuuze za amayi, koma za mlandu ayi. Mafoni a kundende amajambulidwa ndipo oimira boma angathe kuwamvera.

Loya muyimbireni pa nambala ili pa doketiyo, kapena mulembereni imelo yaifupi yotchula nambala ya mlandu ndi ubale wanu. Asakukhumudwitseni akakana kukuuzani zambiri, lamulo limamuletsa kuulula za munthu wake popanda chilolezo, ndiye mupempheni akafunse mng'ono wanu ngati akulola kuti azilankhula nanu. Mufunsenso ndende imene ali, ndi nkhani ija ya mapepala imene anena mayi a Yankho. Miyezi ino kwanuko muli patsogolo ndi maola 6, kuyambira November amakhala 7. Mukayimba 3 koloko masana, kuno ikhala 9 koloko m'mawa, ofesi atatsegula kale.